Golide Woyenda ndi Mwini Wake

Popeza alamu anga ayamba kale kuikometsera nkhaniyi pa WhatsApp, bola muimve kwa mwini wake. Sindinamangidwe. Ndinangokhala m'galimoto ya apolisi pang'ono, chitseko chili chotsegula, chifukwa kunja kumagwa mvula. Ndipo maenje anali 9, osati 40.

Wondilakwitsa ndi Terry Herbert. Mkulu ameneyu mu 2009 ankayendayenda ndi makina ofufuzira zitsulo m'munda wa mlimi wina ku Hammerwich, kufupi ndi Lichfield kuno ku England, n'kufukula golide woposa makilogalamu 5 amene anakwiriridwa zaka zoposa 1,300 zapitazo. Iye ndi mwini munda anagawana mapaundi 3.285 miliyoni. Zinthuzo ndinakaziona ndi maso angawa ku Birmingham, zili m'magalasi. Ndiye munthu ukukhala ku Walsall konkuno, pafupi pomwepa, ukunyamula makatoni usiku wonse, ungagone tulo?

Ndinagula makina akale pa Facebook, mapaundi 40. Mayi a Chisomo anangowayang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo a Chisomo, ndalama ya gasi ija ndi imeneyi?" Ndinawauza kuti adikire.

Za kusankha bwalo la sukulu, musandiseke. Kwathu ku Ntcheu bwalo la sukulu ndi la tonse. Mbuzi zimadya pomwepo, amayi amadutsa pomwepo popita kuchigayo, a chipani amachitira msonkhano pomwepo. Ndani anapemphapo chilolezo? Komanso mpanda wa sukuluyo unali kale ndi chibowo, sindinachiboole ine.

Lamlungu 6 koloko m'mawa, ndikuchokera kuntchito osasintha n'komwe zovala, ndinalowa. Ndisanayende mapazi atatu, makina aja: tiiii! Mtima phaa. Ndinakumba. Palibe. Ndinasuntha pang'ono, kuyendetsa makina uku ndi uku, pobwerera chakufupi ndi ine: tiiii! Kukumbanso. Dothi lokhalokha ndi nyongolotsi.

Apa munthu wanzeru akanaima. Ine ndinakumbukira agogo, amene ankati chuma chokwiriridwa chimathawa munthu wosasunga mwambo. Ndinati ehe, ndi chimenechi, chikuyenda pansi. Ndikapita kumanja, nachonso kumanja. Ndikabwerera m'mbuyo, chikunditsata. Pofika dzenje lachisanu ndinali nditamanga kale nyumba yosanja ku Area 43, nditagula maminibasi awiri, ndipo ndinali ndikuganiza ngati alamu anga akuyenera ntchito ya ukondakitala kapena ayi. Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri ndinapemphera. Pa lachisanu ndi chitatu ndinayesa kuchinamiza: kuyenda ngati ndikuchoka, kenako kutembenuka mwadzidzidzi. Tiiii! Chinali pomwepo, pa mapazi anga enieni.

Kudzutsa mutu, mdala woyang'anira sukuluyo ali chiimire ndi galu wake, kapu ya tiyi m'manja. Akuti anandionerera kwa mphindi 10 asanaimbire apolisi, chifukwa ankafuna aone mathero ake.

Wapolisi anali mayi waulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka. Anandifotokozera kuti ku England kulibe dothi lopanda mwini. Munda, bwalo la sukulu, ngakhale paki ya khonsolo, uyenera kuyamba wapempha, ndipo chimene wapeza popanda chilolezo si chako. Ukapezadi golide kapena siliva wakale woposa zaka 300, lamulo la Treasure Act la 1996 limati ukanene pasanathe masiku 14. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti mwina tifunika kunenadi, chifukwa pansipa pali chinthu chachikulu, koma chikusuntha.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kutsika, n'kuima pa nsapato. Anapempha makina aja. Anawaloza pa udzu: zii. Anawaloza pa phazi langa lamanja: tiiii! Lamanzere: tiiii! Anabwerezanso lamanja, ndipo kubwereza kumeneko kunalibe ntchito ina iliyonse koma kundizunza. Nsapato zakuntchito zija, zachitsulo kutsogolo kuti katoni isakuphwanye zala. Ola lathunthu ndakhala ndikusaka zala zanga zomwe. Mdala uja tiyi anamutulukira m'mphuno. Galu anayang'ana kumbali.

Komabe tinene zoona, makinawo amagwira ntchito. Chitsulo anachipeza maulendo 9 onse osaphonya. Ndipo wondigulitsa sananene chilichonse za nsapato.

Anandilamula kukwirira maenje onse ndi kubwezeretsa kapinga bwinobwino, mdala akuloza ndi phazi pamene sipanasalale. Pa dzenje lomaliza ndinatola kakhobidi ka 2p ka mu 1994. Mdala anatambasula dzanja, akuti ndi katundu wa sukulu.

Makina ndikugulitsa mapaundi 35. Pakadali pano mayi a Chisomo akuyanikapo matawulo.