Pepala kaye, nyimbo pambuyo

Ndimayang'anira bandi ina ya ku Kawale. Ena amaganiza kuti ntchito yanga ndi yovina kumbuyo kwa siteji, pamene nthawi yambiri ndimathera kulondola ndalama za anthu oti agwira kale ntchito.

Lolemba ndinali ku Area 47 kwa bambo wina amene ankakonza phwando la kampani yawo. Ankafuna bandi yonse, ovina ndi masipika. Titafika pa mtengo anati, "Mayi, kukakhala mabwana ambiri, ana anuwa akatchukira pomwepo." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bambo, mnyamata wa ng'oma uja amalipira lendi ku Mchesi, ndipo ali ndi mwana wa sukulu." Ndinawapatsa pepala lathu la mgwirizano: nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, chakudya, galimoto yobwerera usiku, ndi theka la ndalama tsiku lisanafike. Anati aganize kaye, ndipo Lachisanu anauza mnzanga kuti apeza bandi yotchipa. Zinandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti oimba enawo akabwerako ndi ya thiransipoti yokha.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinali pa pulakatisi, magetsi akuthimathima.

Apa mpamene mtsikana wathu wothandizira kuimba anandikokera pambali. Nyimbo ina imene anaikamo mawu ake ikumveka pa mawailesi ndi m'maminibasi, koma iye anangopatsidwa kangachepe ku situdiyo tsiku lojambula, basi. Sanasaine chilichonse. Anandifunsa monong'ona, ngati kuti akupempha zosayenera, "Aunt, kodi ineyo ndilipo pamenepa?" Foni yake inali m'manja, galasi losweka, akundimvetsera mbali imene mawu ake akwera pamwamba pa onse.

Lachinayi ndinamutenga kupita ku COSOMA. Bungweli linayamba mu 1992, ndipo limatolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi, mahotela ndi malo omwera, n'kugawira eni ake. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza wopeka nyimbo komanso amene waimba kapena kuliza chida. Koma ndalama imatsata dzina lolembedwa. Ngati tsiku lojambula palibe analemba kuti gitala anagwira ndani, mawu achiwiri anaika ndani, munthuyo amasowa pogwira. Oimba otchuka ambiri amadziwa zimenezi, ndipo ndimawadandaula akamakhala chete pamene anzawo amene anawakweza akuyenda wapansi.

Lamulo la ntchito la 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito mfundo za ntchito yake zolembedwa. Ife vuto lathu n'lakuti oimba amatengedwa ngati aganyu. Ukapita ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la Industrial Relations wopanda pepala, umayambira kutsimikiza kuti unalembedwadi ntchito, mlandu weniweni usanayambe.

Loweruka tinaimba pa ukwati ku Area 25. Akomiti anali atatumiza kale theka pa Airtel Money, ndipo yotsalayo anaipereka perekaniperekani atangotha, monga tinalemberana. Ndinayamba kulipira anyamata onyamula masipika, chifukwa ndiwo amafika m'mawa ena onse asanadzuke ndipo amachoka holo itatsekedwa. Kenako ovina, kenako oimba, aliyense akusaina pa dzina lake. Atsikana awiri a ku Biwi tinawasiya pakhomo penipeni ndi galimoto ya katundu, osati pa siteji ya kabaza pakati pa usiku.

Mawa ndikuimbira mwini situdiyo uja kuti tikhale pansi ndi mwini nyimbo, dzina la mtsikanayu lilembedwe.