Mankhwala, misonkho ndi nyengo m'bilu imodzi

Pa 16 Ogasiti 2022, Pulezidenti Joe Biden wa ku America anasainira lamulo lotchedwa Inflation Reduction Act. Dzina lake limanena za kuchepetsa kukwera mitengo kwa zinthu, koma m'kati mwake muli nkhani zitatu zimene ambiri timazitenga ngati zosakhudzana: mtengo wa mankhwala amene munthu amagula dokotala atamulembera, misonkho ya makampani akuluakulu, ndi ndalama zolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Ndakhala ndikutsatira mmene lamuloli linabadwira ndili kuno kwathu ku Nkhotakota, ndipo ndikufuna kulifotokoza chifukwa aphungu a dzikolo anakakamizika kukambirana nkhani zitatuzi nthawi imodzi, kotero kuti aliyense amene ankalonjeza chinthu chabwino ankayeneranso kunena poyera amene adzalipire chinthucho.

Nkhaniyi inayamba mu 2021 ndi ndondomeko yaikulu yotchedwa Build Back Better, ya ndalama zokwana $3.5 thililiyoni, imene inali ndi zambiri kuphatikizapo sukulu za mkaka ndi thandizo kwa makolo olera ana. Nyumba ya malamulo yaing'ono inavomereza bilu yochepetsedwa mu Novembala chaka chomwecho, koma vuto linali ku Senate, nyumba ina ya malamulo ya dzikolo, kumene chipani cha Democratic (kuwerengera maseneta awiri oima paokha amene ankagwirizana nacho) ndi cha Republican zinali ndi maseneta 50 chilichonse. Malamulo ambiri kumeneko amafuna mavoti 60 kuti adutse, kupatula mabilu okhudza ndalama za boma, amene angathe kudutsa ndi mavoti oposa theka ngati atsata njira yapadera. Popeza panalibe wa Republican amene akanavomera, chipani cholamula cha Democratic chinkafunika maseneta ake onse 50 pamodzi ndi voti ya wachiwiri kwa pulezidenti, Kamala Harris. Izi zinatanthauza kuti seneta mmodzi yekha wa chipanicho akanatha kupha bilu yonse, ndipo amene anagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi anali Joe Manchin wa ku West Virginia, dera limene anthu ake akhala akudalira migodi ya malasha kwa mibadwo yambiri, komanso kumene iye mwini anapeza chuma pa malonda a malashawo. Pa 19 Disembala 2021 ananena pa wailesi ya kanema ya Fox News kuti sangavotere biluyo, ndipo ntchito ya miyezi yambiri inathera pomwepo.

Zokambirana zinayambiranso mwakachetechete pakati pa Manchin ndi Chuck Schumer, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa chipani cholamula mu Senate. Pakati pa mwezi wa Julaye 2022, zitangodziwika kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi 9.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, Manchin anakananso gawo la nyengo ndi la misonkho, ndipo ambiri anataya mtima. Koma pa 27 Julaye awiriwa analengeza kuti agwirizana. Manchin sanavomere ulele. Lamulolo linanena kuti boma likafuna kubwereketsa malo ake opangira magetsi a mphepo kapena a dzuwa, liyenera kubwereketsanso malo ena okumbapo mafuta ndi gasi, ndipo analonjezedwa kuti ntchito ya paipi ya gasi ya Mountain Valley, yodutsa m'dera lake, ithandizidwa kuti ithe. Seneta wina, Kyrsten Sinema wa ku Arizona, anachotsetsa gawo limene likanakweza msonkho wa anthu oyendetsa chuma cha olemera, ndipo m'malo mwake munalowa msonkho wa 1 peresenti pa makampani ogula masheya awo omwe, komanso $4 biliyoni yothandiza madera a kumadzulo amene akuvutika ndi chilala.

Gawo limene landikhudza kwambiri ndi la mankhwala. Boma la America lili ndi inshuwalansi ya zaumoyo yotchedwa Medicare, imene imathandiza makamaka anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo ndi mmodzi mwa ogula mankhwala akuluakulu pa dziko lonse. Komabe lamulo la mu 2003, limene linayambitsa thandizo la mankhwala mu inshuwalansiyi, linaletsa boma kunenerera mitengo ndi makampani opanga mankhwala. Aliyense amene anafikapo pa doko usipa ukutsitsidwa m'mabwato amadziwa kuti munthu wooda bwato lonse salipira mtengo wa munthu wogula ndowa imodzi, koma kwa zaka pafupifupi 20 wogula wamkulu chotere analetsedwa ndi aphungu ake omwe kutsegula pakamwa pa za mtengo. Lamulo la 2022 linachotsa chiletsocho, ngakhale kuti linachichotsa pang'onopang'ono: anayamba ndi mankhwala 10 okha, amene akhala pa msika kwa zaka zambiri popanda kampani ina yopanga ofanana nawo, ndipo mitengo yatsopano inaikidwa kuti iyambe kugwira ntchito mu Janyuwale 2026.

Mitengoyo italengezedwa mu Ogasiti 2024, zinaoneka kuti Januvia, mankhwala a matenda a shuga amene mtengo wake wolembedwa unali $527 pa mwezi, atsika kufika pa $113, ndipo Eliquis, woletsa magazi kuundana, watsika kuchoka pa $521 kufika pa $231. Ndi bwino kudziwa kuti mtengo wolembedwa si umene makampani a inshuwalansi ankalipiradi, chifukwa pankakhala kuchotserana kwachinsinsi, choncho phindu lenileni ndi locheperapo kuposa mmene manambalawa akuonekera. Ngakhale zili choncho, okalamba anapindulanso m'njira zina ziwiri zimene amaziona m'thumba mwawo: sangalipire zoposa $35 pa mwezi pogula insulin, mankhwala obaya a matenda a shuga, ndipo mu 2025 ndalama zonse zimene munthu amatulutsa yekha pa mankhwala pa chaka zinaikiridwa malire a $2,000. Panali kuyesa kuti malire a insulin akhudzenso anthu a inshuwalansi zimene si za boma, koma mlangizi wa malamulo a Senate anagamula kuti gawolo silikukwanira pa njira yapadera ija, choncho linafunika mavoti 60 ndipo linapeza 57 okha. Munthu wa zaka 40 wodwala shuga anatsala kunja chifukwa cha mavoti atatu.

Makampani opanga mankhwala, kuyambira ndi Merck mu Juni 2023, anakasuma kukhoti, ndipo mfundo yawo yaikulu ndi yakuti phindu likachepa, ndalama zofufuzira mankhwala atsopano zichepanso. Mfundoyi siyenera kunyozedwa, pakuti kupanga mankhwala atsopano kumadyadi ndalama zambiri ndipo ambiri amalephera asanafike pa msika. Koma ife Amalawi tinaona ndi maso athu zimene zimachitika mtengo ukasiyidwa m'manja mwa wogulitsa yekha. Cha m'ma 2000, mankhwala otalikitsa moyo ankagulidwa pa mtengo woposa $10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, ndipo m'midzi yathu maliro sankatha. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inanena kuti ikhoza kupereka mankhwala ofanana nawo pa $350 pa chaka, mitengo inagwa, thumba la Global Fund linayamba kugula mankhwala ochuluka nthawi imodzi, ndipo mu 2004 Malawi inayamba kupereka ma ARV mwaulere. Kafukufuku wa mankhwala a Edzi sanaime chifukwa cha zimenezi, ndipo amene akumwedwa lero ndi abwino kuposa a nthawi imeneyo.

Mayi anga amadwala shuga komanso kuthamanga kwa magazi, ndipo si kamodzi pamene abwerera kuchipatala ndi kapepala m'manja atauzidwa kuti mankhwala atha, akagule okha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo a mankhwala inakwera nthawi yomweyo, chifukwa pafupifupi mankhwala onse amene timamwa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Vuto lathu ndi losiyana ndi la ku America: iwo ndi wogula wamkulu amene anadzimanga manja, pamene ife ndi wogula wamng'ono amene nthawi zambiri amasowa ndi madola omwe ogulira. N'chifukwa chake ndimaona kuti kugula mankhwala pamodzi ndi mayiko anzathu a SADC, monga mmene mayiko a African Union anachitira pogula katemera wa Covid-19 mu 2021, ndi nkhani yoyenera kukambidwa m'nyumba ya malamulo mobwerezabwereza, pamodzi ndi lonjezo la ku Abuja la mu 2001 lakuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo.

Pa misonkho sinditalikitsa. Lamulolo linaika msonkho wosachepera 15 peresenti pa makampani amene phindu lawo limaposa $1 biliyoni pa chaka, chifukwa ena mwa iwo ankapeza njira zovomerezeka zolipirira zochepa kwambiri, ndipo linapatsa bungwe lotolera misonkho pafupifupi $80 biliyoni kuti likhale ndi anthu ndi zipangizo zolondolera olemera. Chofunika kuona n'chakuti kutsitsa mitengo ya mankhwala nakonso kunawerengedwa ngati njira yopezera ndalama, popeza boma likamagula motchipa limasunga zambiri. Motero misonkho ya makampani ndi ndalama zopulumutsidwa pa mankhwala ndi zimene zinaimira kumbuyo kwa gawo lachitatu, la nyengo.

Gawo limeneli linayerekezedwa pa $369 biliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazi sizinali zoti boma lipereke m'manja, koma zochotsera msonkho anthu ndi makampani: mpaka $7,500 kwa wogula galimoto yoyendera magetsi, ndi zina kwa omanga malo opangira magetsi a dzuwa ndi a mphepo kapena mafakitale a mabatire. Akatswiri anawerengera kuti likhoza kuthandiza dzikolo kuchepetsa mpweya woipa ndi pafupifupi 40 peresenti pofika 2030 poyerekeza ndi 2005. Zimenezi n'zabwino kwa tonse, chifukwa America ndi dziko limene latulutsa mpweya wotere wochuluka kuposa lina lililonse m'mbiri yonse. Komabe ndalamazo zinakonzedwa kuti zigwire ntchito m'dzikomo, zilembe ntchito anthu a konko, ndipo ngakhale galimoto yochotseredwa msonkho inayenera kukhala yolumikizidwa ku North America.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mu Janyuwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu masauzande m'boma lathu lino anasiya nyumba zawo n'kukakhala m'misasa, ndipo chaka chomwecho madzi a m'nyanja anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe kuno ndi ku Salima. Pa msonkhano wa nyengo wa ku Dubai kumapeto kwa 2023, pamene mayiko ankasonkha ndalama za thumba lothandiza mayiko osauka amene aonongeredwa ndi kusintha kwa nyengo, America inalonjeza $17.5 miliyoni. Munthu akaika nambala imeneyi pambali pa $369 biliyoni amaona kuti maseneta aja ankakambirana za anthu amene amawavotera, ndipo sindikuwaimba mlandu wonse pa zimenezo, chifukwa ndiyo ntchito imene anasankhidwira. Chimene chikutsala n'chakuti palibe phungu wa dziko lina amene adzaike mlimi wa mpunga wa ku Nkhotakota patsogolo ngati aphungu athu samuika. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, akusonyeza kuti ntchito zotere zikhoza kuchitika kuno malamulo ndi mapangano akakhala omveka.

Bilu ya Inflation Reduction Act ija inadutsa mu Senate pa 7 Ogasiti 2022 ndi mavoti 51 kwa 50, popanda wa Republican ngakhale mmodzi, ndipo nyumba yaing'ono inaivomereza ndi mavoti 220 kwa 207. Patangopita zaka zitatu, mu Julaye 2025, lamulo lina linadutsa mu Senate yomweyo ndi mavoti 51 kwa 50, ulendo uno voti yomaliza inali ya wachiwiri kwa pulezidenti, JD Vance, ndipo Pulezidenti Donald Trump analisainira pa 4 Julaye. Lamulo latsopanoli linathetsa kuchotsera msonkho kwa galimoto za magetsi kumapeto kwa Seputembala 2025 ndipo linafupikitsa nthawi ya thandizo la magetsi a dzuwa ndi a mphepo, koma mphamvu ya Medicare yonenerera mitengo inatsala, ngakhale kuti mankhwala ena a matenda osowa anapatulidwa. Ndikuganiza kuti gawo la mankhwala linapulumuka chifukwa okalamba a zipani zonse amaona kusiyana kwake mwezi ndi mwezi, pamene phindu la gawo la nyengo limaoneka mochedwa ndipo ena mwa opindula nalo tili kutali ndipo sitivota kumeneko.

Kuno kwathu bajeti ikaperekedwa, makomiti a aphungu amaigawana n'kuiunika m'magulumagulu, zaumoyo kwina, zachilengedwe kwina, zamisonkho kwinanso, ndipo zimene timamva kwambiri pa wailesi ndi mkangano wa ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu. Ndikupempha aphungu a Nkhotakota ndi Salima kuti pa zokambirana za bajeti zikubwerazi afunse mafunso amene amalumikiza zinthuzi. Afunse kuti boma limagula insulin ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi pa mtengo wanji poyerekeza ndi Zambia ndi Tanzania, kuti ndalama zimene timataya pokhululukira misonkho makampani a migodi zikanagula mankhwala a miyezi ingati, ndiponso kuti pa msonkho wa utsi wa galimoto umene unayamba mu 2019 ndi zingati zimene zapita ku ntchito yoteteza midzi ya m'mbali mwa mitsinje ya Dwangwa ndi Bua. Mayankho ake awerengedwe m'nyumba ya malamulo ndipo asindikizidwe m'Chichewa kuti tiwaone tonse.