Ulendo wachiwiri kamera inafika mpaka kumapeto

Amayi anga ana awiri omaliza anabereka pa siza, kenako zaka zingapo zapitazo anawachotsa chiberekero chifukwa cha zotupa. Pamimba pawo pali zipsera ziwiri, china chopingasa mmunsimu china chotsika kuchokera pamchombo. Ife tinkangoti zinapola basi, sitinkadziwa zoti mkatimo namonso mumatsala zipsera.

Chaka chino anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi, thupi kufooka, kuchoka pamsika wa Chitakale ku Mulanje kufika kunyumba mpaka kupuma kawiri panjira. Ndiye anatitumiza ku Blantyre kukapanga colonoscopy. Kwa amene simunamvepo, ndi kapaipi kofewa konenepa ngati chala, kotalika kupitirira mita imodzi ndi theka, kutsogolo kuli kamera ndi getsi. Amakalowetsa kumalo ochitira chimbudzi nkumayenda nako mmatumbo akulu onse mpaka kumapeto kwake, mmunsi mwa mimba kumanja komwe kuli apendikisi, adokotala akuona pa sikirini.

Ulendo woyamba zinakanika. Paipi inangolowa pang'ono nkuima, amayi kumva kupweteka koopsa, anasiyira pomwepo. Atatuluka anandigwira dzanja nkuti "mwanawe ndalephera kupirira, ndakuwonongetsa ndalama za thiransipoti." Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, munthu woti watchola tiyi zaka zonsezi mvula ikumunyowetsa azidziona ngati wamantha. Ndipo tsiku limenelo palibe anatifunsa bwinobwino za maopareshoni, ifenso sitinanene poti timaona ngati ndi zakale.

Ulendo wachiwiri tinapeza adokotala ena. Asanachite kalikonse anati "amayi tandionetsani pamimbapo," anaona zipsera zija, anafunsa chimodzi chimodzi, kenako anatenga pepala nkutijambulira. Akuti mmunsi kumanzere matumbo amapindika ngati chilembo cha S, amati sigmoid, ndipo kwa munthu amene sanang'ambidwepo gawo limeneli limakhala lomasuka, paipi ikamadutsa limawongoka lokha. Koma pamene panadutsa mpeni, makamaka pochotsa chiberekero poti ndi pafupi pomwepo, matumbo amatha kumatirira ku khoma la mimba kapena okhaokha, ndiye kona ija imauma, ukakankha paipi mmalo mopita kutsogolo imangokoka pomata paja. Kupweteka kuja kunali kumeneko. Sikuti amayi analephera kupirira ayi.

Ndiye anasintha zinthu zingapo. Anatenga paipi yowonda, imene amagwiritsa ntchito kwa ana, akuti imakhota bwino pamakona othina, ndipo ikakanika imeneyo ena amayesa ija yoonera mmimba kudzera kukamwa. Polowa sanapope mpweya wambiri, anathira madzi ofunda mmatumbomo. Izi ndi zimene zinandigwira mtima ine chifukwa ndizomveka, mpweya umafufumitsa matumbo nkuwatalikitsa makona nkumathinirathinira, pomwe madzi amatsegula njira mofatsa ndipo munthu akagona chammbali kumanzere kulemera kwa madziwo kumathandiza kuti S uja awongokeko. Komwe kuli zipangizo amagwiritsanso carbon dioxide mmalo mwa mpweya wamba poti thupi limauyamwa msanga, mimba siikhala yotupa nthawi yaitali.

Amayi akuti amakumbukira mwa apo ndi apo chifukwa cha jakisoni wogonetsa pang'ono, koma amamva anesi akuti "amayi tembenukani mugone chagada," kenako "tiyeni chakumanja," kwinaku dzanja la anesiwo litatsindira pamimba mmunsi mwa mchombo kuti paipi isapindike mkati. Adokotala anandiuza okha kuti pamimba ngati pa amayi mphamvu sizithandiza, umalowa pang'ono, kubweza mmbuyo kuti paipi iwongoke, kulowanso, ndipo ukaona kuti yakana ndithu umasiya chifukwa kukakamiza ungaboole thumbo, munthu nkumutumiza ku CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi, kuti akaone matumbo. Zinatenga nthawi, ine panja ndinali ndikungoyang'ana chitseko.

Mbali ya ife tokha inali yotsuka mmimba, ndipo musaipeputse, pamatumbo okhotakhota chonchi zotsalira zimabisa njira. Masiku angapo tisanapite anasiya mgaiwa, nandolo, nyemba ndi masamba, mapilisi owonjezera magazi amene ankamwa anawauza kuti asiye sabata yathunthu poti amadetsa mkati. Tsiku lomaliza zamadzimadzi zokhazokha, tiyi wopanda mkaka ndi madzi. Mankhwala otsegula mmimba anamwa theka madzulo theka mmamawa kwambiri, nchifukwa chake tinakagona kwa achemwali anga ku Bangwe, simungamwe mankhwala amenewa nkukwera minibasi ya pa Midima kuchokera ku Mulanje, kungakhale kumuzunza kholo.

Kamera inafika mpaka kumapeto. Anapeza kanthu komera ngati njerewere, amati polyp, anakadula pomwepo ndi kawaya kodutsa mu paipi momwemo nkukatumiza ku labu kuti aone ngati mulibe khansa. Pobwera mu minibasi amayi anagona paphewa panga kuyambira ku Limbe, atadzuka chinthu choyamba anapempha nsima ya ufa woyera ndi mazira. Madzulo omwewo ndinatenga buku lawo lakuchipatala nkulemba pachikuto chamkati maopareshoni onse atatu ndi zaka zake, ndi zoti paipi yowonda ndi madzi ndi zimene zinatheka. Zotsatira za ku labu tikudikirabe, tsiku lokatenga analemba mbuku momwemo.