Magetsi Akazima, Makina Amakhala Asanazimitsidwe

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lino linataya mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati pafupifupi 130. Miyezi yotsatirayo magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo ife amene tinkagwira ntchito yokonza makina pa fakitale ina yogaya chimanga mumzinda wa Blantyre tinazolowera kugwiritsa ntchito nthawi ya mdimayo poyeretsa makina, kusintha masefa ndi kumangitsa malamba. Zinkaoneka ngati nzeru, chifukwa makina anali ataima kale ndipo mabwana sankadandaula kuti tikuchedwetsa ntchito.

Tsiku lina mnyamata wina amene anali atangolembedwa kumene ntchito anatsekula chigayo kuti asinthe sefa yong'ambika. Anali atatulutsa dzanja kuti atenge bawuti imene inagwera pansi pamene magetsi anabwera mwadzidzidzi, mota n'kulira, chigayo n'kuyamba kuzungulira chitseko chake chili chotsekula. Sipanala imene anaisiya m'katimo inatulukamo ngati chipolopolo n'kuboola lata la pakhoma. Mnyamatayo sanavulale, koma anakhala pansi kwa nthawi yaitali akuyang'ana zala zake osayankhula kanthu. Zitsulo zophwanyira chimanga za m'chigayo choterocho zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, kotero kuti magetsi akanafulumira pang'ono chabe, dzanja lakelo silikanapezekanso.

Titafufuza tinapeza kuti palibe munthu amene anazimitsa chigayocho. Chinaima chokha magetsi atapita, ndipo swichi yake inatsala chiyatsire. Makina olumikizidwa bwino amakhala ndi chipangizo cha maginito chimene chimadula njira ya magetsi akangozima, moti magetsi akabwerera makinawo sanyamuka kufikira munthu atadina batani loyatsira. Pa chigayo chathuchi chipangizocho chinali chitapsa kalekale, ndipo wina wake, pofuna kuti ntchito isaime, anachipanikiza ndi kamtengo kuti chizikhala cholumikiza nthawi zonse. Ndaonapo kamtengo kotereka m'zigayo zambiri za m'misika ndi m'midzi, ndipo eni ake amakaonetsa monyadira ngati umboni wa luso lawo.

Komabe ngakhale chipangizocho chikanakhala chabwino, mnyamata uja sakanakhala wotetezeka, chifukwa munthu wina aliyense woona kuti magetsi abwera akanatha kudina batani ali kuseri kwa khoma, osadziwa kuti m'chigayomo muli dzanja la mnzake. Njira yothana ndi vuto limeneli imatchedwa lockout/tagout pa Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti munthu asanalowetse dzanja m'makina, adule mphamvu pa swichi yaikulu, aikepo loko wakewake, apachikepo kachikwangwani kokhala ndi dzina lake, ndipo kiyi akhale m'thumba mwake. Ngati okonzawo ali atatu, maloko akhalenso atatu, ndipo swichiyo siingayatsidwe kufikira womaliza atachotsa wake. Ku America bungwe la OSHA, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, linakhazikitsa njirayi kukhala lamulo m'chaka cha 1989, ndipo limawerengera kuti kuitsatira kumapewetsa imfa pafupifupi 120 ndi kuvulala kwa anthu 50,000 chaka chilichonse.

Chimene amisiri ambiri amaiwala, ngakhale okhwima pa ntchito, ndi chakuti magetsi si mphamvu yokhayo imene imakhala m'makina. Chigayo chikazimitsidwa chimapitiriza kuzungulira mwakachetechete kwa kanthawi, ndipo munthu wopupuluma amatsekula chitseko poganiza kuti chaima. Thanki ya kompresa imasunga mpweya wopanikizika usiku wonse ngakhale mota itazima madzulo. Mapaipi ochokera ku boyila amasunga nthunzi yotentha, sipiling'i yofinyika imadikira kuti bawuti imasulidwe, ndipo tizipangizo totchedwa ma capacitor, a m'mabokosi oyendetsera mota, amasunga magetsi kwa mphindi zingapo swichi itadulidwa kale. Palinso kulemera kwa chinthu chimene chanyamulidwa m'mwamba. Bokosi la lole yotaya mchenga likakwezedwa, limagwidwa ndi mafuta opanikizika okha basi, ndipo makaniko amene amalowa pansi pake osaikapo chochirikiza chachitsulo amakhala waika moyo wake pa kapaipi kamodzi ka labala. M'fakitale yathu munalinso makina okweza chimanga ndi tizidebe tomangidwa pa lamba, ndipo chimanga chikatsalira m'tizidebe ta mbali imodzi, kulemera kwakeko kunkatha kubweza lambayo cham'mbuyo popanda magetsi alionse. Choncho loko akaikidwa, pamafunika kutulutsa mpweya, kutsitsa kapena kuchirikiza zonse zokwezedwa, kudikira kuti zozungulira ziime, kenaka kudina batani loyatsira kuti munthu atsimikize ndi maso ake kuti makinawo sanyamukadi. Kuyesa komalizaku ndimakuona kuti n'kofunika kuposa zonse, chifukwa m'mafakitale akale mumakhala maswichi olembedwa molakwika, ndipo n'zotheka kukhoma swichi ya makina ena uku amene ukukonzawo akadali ndi magetsi. Amisiri a magetsi ayeneranso kupima nthambo ndi mita asanazigwire, makamaka pamalo pamene pali jenereta imene ingabweze magetsi kudzera njira ina.

Malamulo a dziko lino sanangokhala chete pa nkhaniyi. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo woteteza antchito kwa wolemba ntchito, kuphatikizapo kutchinga mbali zoopsa za makina, ndipo Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito. Mu 2019 Malawi anavomerezanso pangano nambala 155 la ILO (bungwe loona za ntchito pa dziko lonse), limene limati wantchito amene wachoka pamalo chifukwa choona ngozi yaikulu imene ili pafupi kuchitika sayenera kulangidwa. Ndime imeneyi ndimaitchula kawirikawiri kwa anyamata aganyu, chifukwa ambiri amaona ngozi bwinobwino koma amaopa kuuza kapitawo, poganiza kuti mawa sawatenganso. Mnyamata uja anandiuza pambuyo pake kuti kamtengo kaja anali atakaona kale, koma anachita manyazi kufunsa pakati pa akuluakulu, ndipo ndinamukumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Titayamba kugwiritsa ntchito maloko, mkangano waukulu unali wa makiyi apadera. Akuluakulu ena ankafuna kuti kiyi wachiwiri wa loko aliyense azikhala mu ofesi, koma tinakana, chifukwa kiyi amene ali mu ofesi angatengedwe ndi aliyense amene wapanikizika ndi oda ya kasitomala. Mayeso anafika madzulo ena pamene mmisiri wina anaweruka n'kuiwala kuchotsa loko wake pa makina osakanizira chakudya cha nkhuku. Kapitawo wa usiku anabwera ndi sowo yodulira zitsulo n'kunena kuti, "Achimwene, munthuyu tamuona tonse akutuluka pageti, tingodula." Ndinawayankha kuti, "Bambo, ine sindinamuone, ndipo sindikudziwa chimene wasiya chomasula m'katimo." Foni ya mmisiriyo inali yozima, choncho tinatuma mlonda pa kabaza kukamutenga ku Ndirande, ndipo makinawo anakhala chiimire kwa maola awiri. Mmisiriyo atabwera anachotsa loko wake yekha, koma asanatero analowa kaye m'makinamo n'kumangitsa mabawuti anayi a chitsulo chosakanizira amene anawasiya omasula kuti adzamalize m'mawa.