Usiku umene mapazi anga anadya kambuzi

Mkamwini akakhala kwa apongozi sadya mothamanga, saseka mokweza, ndipo salira. Ine ndinalira, pakati pa usiku, mudzi wonse ukumva.

Unali mwezi wa Meyi, nthawi yokumba mtedza. Mayi a kunyumba anali atatsogola kale kwawo ku Mchinji, ine n'kutsatira kuchokera ku Kasungu. Nditatsika minibasi pa Kapiri, wakabaza ananditchulira K2,500. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala, ndikuti, "Achimwene, miyendo ndili nayo." Chimene ndinaiwala n'chakuti kumiyendoko kunali nsapato zatsopano za pakaunjika, zosongoka kutsogolo, zogulira kuti apongozi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Ndinafika dzuwa litapendeka, ndikuyenda ngati bakha. M'mawa mwake anandipatsa khasu. Chalimbana sazuka ndi ulemu, ndipo nthaka inali itayamba kale kuuma. Pofika madzulo mapazi anali atatupa ngati zitumbuwa, matuza awiri ataphulika, ming'alu ya kuchidendene itayasamula.

Apa m'pamene aliyense anasanduka dokotala. Mlamu wanga anati Vicks. Mayi a kunyumba anati ndithowe ndi madzi ofunda a mchere, kenako ndipake Vaseline. Agogo sanalankhule. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, oyenga okha: amakazinga nsatsizo, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta amene ayandama pamwamba. Anali akuda, onata ngati uchi, fungo lake la utsi.

"Tikitani awa, bambo. Mawa mudzuka ngati mwana wa mbuzi."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kukabisa kuseri kwa chitseko. Ine munthu wa pa boma ndinunkhe nsatsi? Komanso ndinali nditawerenga pa Facebook kuti mafuta a mpendadzuwa ndi opepuka, manja amatsetsereka bwino, sanata pa zofunda. Zimenezo n'zoona ndithu, mpaka lero sindikutsutsa. Vuto silinali mpendadzuwa.

Onse atagona ndinanyang'ama kupita kukhitchini. Foni inali itathima, kumudziko kotchajira n'kutali. Ndinapapasa pa thandala n'kugwira botolo la Sobo, kugwedeza, kumva kuti ndi mafuta. Pansi pake panali tinthu tikugundana, koma ndinati ndi nyenyeswa za mandasi.

Ndinakhala pamphasa, kuthira m'manja osaumira. Ndinatikita chidendene ndi chala chachikulu, kukanda pakati pa phazi, kulowetsa pakati pa zala chimodzichimodzi, ming'alu ndiye ndinachita kuidyetsa. Poyamba kunabwera kutentha pang'ono. Ndinamwetulira mumdimamo: mankhwala ayamba kugwira ntchito. Ndiye ndinawonjezera.

Abale anga, kambuzi ndi kakang'ono, koma alibe chibale. Apongozi aakazi amamuviika m'mafuta milungu ingapo kuti azidonthezera pa ndiwo, ndipo ukali wake wonse umatsikira m'mafutamo. Moto unayambira m'matuza, n'kukwera. Thukuta litatsikira m'maso, ndinalipukuta. Ndi dzanja lomwelo.

Sindikumbuka kuti chitseko ndinatsegula bwanji. Ndimangokumbuka ndili pabwalo, ndikuponda pansi kuposa Angoni a ingoma, diso limodzi lotseka, ndikuitana amayi anga amene ali ku Chulu. Agalu anayamba kuuwa. Mlamu wanga anatuluka ndi chibonga akufuula kuti "Akuba!" Ndinalowetsa mapazi onse awiri mu ndowa ya madzi akumwa, koma madzi ndi mafuta sizigwirizana, ndikangotulutsa, moto uja unkabwerera ndi abale ake.

Apongozi aakazi anaima patali, monga mwa mwambo, atayang'ana kumbali.

"Kodi kwagwanji, apongozi? Njoka?"

"Ayi, amayi... ndimangoona ngati kunja kuno kuli bwino."

Mayi a kunyumba ananunkhiza manja anga, n'kukhala pansi. Kuseka kwake kunali kopanda mawu, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Ukwati wa zaka 9, osandithandiza n'komwe.

Anandipulumutsa ndi agogo. Anatuma mwana kukatenga kabotolo kaja (ankadziwa pamene ndinabisa, musandifunse kuti anadziwa bwanji), anapaka nsatsi yambiri n'kupukuta ndi kansalu kuti ichotse mafuta a tsabolawo, kenako sopo wochapira ndi madzi ozizira, katatu konse. Diso analitsuka ndi madzi ambiri. Sananene kanthu. Ankangong'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi.

Masana ake nsima inabwera ndi nkhwani wotendera. Mlamu wanga analawa, n'kufunsa kuti tsabola ali kuti. Apongozi anayankha ali kukhitchini, mokweza kuti afike ndi kwa aneba:

"Watha. Alendo anadyera kumapazi."

Pobwerera ndinakwera kabaza, nsapato zili m'jumbo. Ana anandiperekeza mpaka kumsewu akukuwa kuti, "A Kambuzi, mudzabwerenso!"