Zimene ndaphunzira pa uphungu wa zakudya ndi kuchepa kwa magazi mwa makanda

M'masabata apitawa phunziro lathu la kadyedwe ka ana linali pa kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa cha kusowa kwa ayironi, chinthu chopezeka m'zakudya chimene chimathandiza thupi kupanga magazi. Ndinaliyamba ndikuganiza kuti nkhaniyi ndi yapafupi, kuti mayi akangouzidwa zakudya zoyenera basi vuto latha, koma manambala ake ndi amene anandisintha maganizo.

Mwana wobadwa masiku atakwana amabwera ndi nkhokwe ya ayironi, amene wambiri amamulandira kwa mayi ake m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, ndipo nkhokwe imeneyi imamufikitsa pa miyezi 4 mpaka 6. Mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa, ngakhale kuti amalowa bwino m'thupi la mwana. Tsono nthawi imene nkhokwe ikutha ndi yomweyonso imene mwana akukula mofulumira, moti pokwanitsa chaka amalemera pafupifupi katatu kuposa mmene anabadwira. Mwana wa miyezi 7 mpaka 12 amafunika mamiligalamu 11 a ayironi patsiku, pamene mwamuna wamkulu amafunika 8 okha, ndipo zonsezi ziyenera kudutsa m'kamimba kamene kamadzadza ndi masipuni ochepa a phala. Apa ndinamvetsa chifukwa chake phala lamadzimadzi ndi loopsa: mwana amakhuta, amagona mwamtendere, koma magazi ake akucheperachepera.

Ayironi wa m'chiwindi, nyama ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba obiriwira amavuta kulowa, ndipo amafuna chithandizo cha vitamini C wa m'zipatso zodyedwa pa chakudya chomwecho. Tiyi amatsekereza ayironi, ndipo mkaka wa ng'ombe ukachuluka umatenga malo a zakudya zina pomwe iwo uli ndi ayironi wochepa kwambiri.

Zimenezi ndinaziloweza bwinobwino, koma tsiku loyeserera uphungu ndinalephera. Mnzanga anakhala ngati mayi wa mwana wa miyezi 8, ine n'kuyamba kutchula zakudya motsatizana ngati ndikuyankha mayeso, iye akungogwedeza mutu. Nditamaliza, aphunzitsi anandifunsa kuti mwanayo anadya chiyani dzulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndinasowa chonena chifukwa sindinafunse. Titabwereza, ndinayamba ndi mawu akuti, "Mayi, tandiuzani zimene mwanayu anadya dzulo," ndipo zinadziwika kuti nyama imaphikidwa pakhomopo nthawi zina, koma mwana amangopatsidwa msuzi wake poopa kuti angatsamwe. Uphungu wonse unasanduka chinthu chimodzi chotheka, chomwe ndi kusinja kachidutswa ka nyama kapena chiwindi chakupsa bwino mpaka chisalale, n'kuchisakaniza m'phala lolimbirako losatsika msanga pa sipuni. Ndikukhulupirira tsopano kuti mayi amene wachoka ndi chinthu chimodzi chimene angachite mawa wathandizidwa kuposa amene wamva mndandanda wautali.

Chinanso chimene chandikhudza n'chakuti uphungu uli ndi malire ake, ndipo si chilungamo kuuza mayi kuti zonse zili m'manja mwake. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wobadwa wochepa thupi amayamba ndi nkhokwe yaing'ono, ndipo kawirikawiri amafunika mankhwala a ayironi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mchombo usadulidwe mphindi imodzi isanakwane mwana atabadwa, kuti magazi ambiri apite kwa iye, komanso kuti kumene ana 40 kapena kuposerapo pa 100 alionse ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ana a miyezi 6 mpaka 23 azipatsidwa mamiligalamu 10 mpaka 12.5 a ayironi tsiku lililonse kwa miyezi itatu yotsatizana pachaka. Kumadera kumene kuli malungo, zimenezi ziyenera kuyendera limodzi ndi kupewa ndi kuchiza malungowo.

Tinaphunziranso kutambasula kachikhatho ka mwana ndi kutsitsa chikope cha m'munsi kuti tione ngati mwatuwa. Chimene chikundisautsa n'chakuti kutuwako kumaoneka mochedwa, ayironi atatha kale, pomwe ubongo wa mwana umamufuna kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira. Pa chifukwa chimenechi ndalemba m'kope langa kuti nkhani ya ayironi ndiziiyamba ndi mayi mwana ali ndi miyezi 5, pamene akuyamwitsabe mwakathithi ndipo akukonzekera sipuni yoyamba.