Sabata ya zingwe, mawotchi ndi Doppler

Ntchito yanga ya masiku onse ndi yoika ndi kukonza zida za wailesi: ma repeater (zida zolandira mawu n'kuwatumizanso patali), maeliyo ndi zingwe zake. Sabata yathayi inali yosiyanako. Kalabu ya ophunzira zamagetsi pa koleji ina inandiitana kuti ndiilumikizire siteshoni yolankhulira kudzera m'masetilaiti a anthu okonda wailesi, aja timawatcha ma ham. Zida zinalipo kale: wailesi yotha kutumiza pa 145 MHz kwinaku ikulandira pa 435 MHz, maeliyo awiri a Yagi padenga, rotator yowazunguliza ndi kuwakweza, komanso kompyuta yakale ya Linux. Chosowa chinali choti zinthuzi zizimvana.

Woyang'anira kalabuyi ndi bambo wachikulire amene anatenga laisensi ine ndisanayambe ntchito. Iwo amalondola setilaiti pamanja, eliyo kudzanja lina, wailesi kudzanja lina. "Ine khutu langali limandikwanira," anatero pondilandira, "koma anawa akufuna SSB, ndipo zala zawo sizinakhwime." SSB ndi njira yotumizira mawu pa wailesi imene, mosiyana ndi FM, imafuna kulondola frequency ndendende.

Doppler aliyense anaimvapo: ambulansi ikamabwera kulira kwake kumamveka kokwera, ikangodutsa kumatsika. Christian Doppler anafotokoza zimenezi mu 1842, ndipo mafunde a wailesi amachita chimodzimodzi. ISS, siteshoni ya m'mlengalenga imene mumakhala anthu, imauluka pa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, pa liwiro la makilomita 7.66 pa sekondi. Kuti udziwe mmene frequency isunthire, umaichulukitsa ndi liwiro limene setilaiti ikukuyandikira kapena kukutalikira, n'kugawa ndi liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Pa 145 MHz yankho ndi pafupifupi 3.5 kHz mbali iliyonse, pa 437 MHz ndi pafupifupi 10 kHz. Ndiye repeater ya pa ISS, imene imatsitsa mawu pa 437.800 MHz, imayamba kumveka cha pa 437.810 ikangotulukira m'chizimezime, ndipo polowa imakhala ili cha pa 437.790. Ulendo wonsewo umatha m'mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Pa FM sizivuta kwenikweni. Anthu amasunga ma frequency asanu otalikirana 5 kHz m'wailesi n'kumangodina batani mawu akayamba kukanda. SSB ndiye ilibe chisoni. Mpata wake ndi 2.4 kHz basi, ndipo ukangophonya ndi 200 Hz mawu a mnzako amasanduka am'mphuno. Setilaiti yotsika ikamadutsa pamutu penipeni, frequency ya pa 435 MHz imatsetsereka ndi ma Hz oposa 100 pa sekondi iliyonse.

Lolemba ndinaika Gpredict, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Alexandru Csete. Ena amakonda SatPC32, koma iyo ndi ya Windows. Kuika pulogalamuyo sikutenga nthawi. Nthawi imathera pouza pulogalamu zoona zokhazokha, chifukwa iyo simva chilichonse chochokera kumwamba. Imangowerengera. Uipatse malo amene uli, nthawi, ndi njira ya setilaiti, iyo ikuuza komwe setilaiti iyenera kukhala ndi liwiro lomwe ikubwera nalo. Chimodzi mwa zitatuzi chikakhala chabodza, yankho limatuluka labodza, koma lolembedwa mwaudongo pa sikirini moti sungalikayikire.

Malo ndinawalemba ndi latitude ndi longitude zochokera pa GPS, ndikuonetsetsa kuti kummawa sikunalembedwe kumadzulo. Njira ya setilaiti imabwera m'mizere iwiri yotchedwa TLE, uliwonse wa zilembo 69, imene pulogalamu imailowetsa m'masamu a SGP4. Ndinaiuza kuti izitenga mizereyi ku CelesTrak, nkhokwe ya ma TLE imene T.S. Kelso wakhala akuiyendetsa kuyambira 1985, komanso ku AMSAT, bungwe la ma ham okonda masetilaiti. TLE imakalamba. Mpweya wochepa umene uli kumwambako umakoka setilaiti pang'onopang'ono, ndipo ISS amachita kuikankha ndi injini nthawi ndi nthawi kuti ikwerenso. Ikangokankhidwa, mizere ya dzulo yatha ntchito.

Lachiwiri linali la Hamlib, gulu la timapulogalamu tolumikiza kompyuta ku wailesi ndi rotator. Gpredict silankhula ndi wailesi mwachindunji. Imatumiza malamulo ake ku kapulogalamu kotchedwa rigctld pa port 4532, ndi ku rotctld pa port 4533 ngati ndi za rotator, ndipo timapulogalamu timeneti ndi timene timadziwa chinenero cha chida chilichonse. Ine ndimayamba ndi wailesi yongopeka imene Hamlib ili nayo, model 1, kuti ndione kaye manambala akusintha ndisanalumikize chida chenicheni. Kenako zija zanthawi zonse: wogwiritsa ntchito kompyuta akhale m'gulu la dialout, liwiro la baud lifanane mbali zonse ziwiri. Zingwe za USB zinali ziwiri, cha wailesi ndi cha rotator, ndipo kompyuta ikayatsidwanso zimatha kusinthana mayina, ttyUSB0 n'kukhala ttyUSB1. Ndinagwiritsa ntchito mayina a mu /dev/serial/by-id, amene sasintha. Pofika madzulo, ndikadina mabatani a Track ndi Engage mu Gpredict, manambala pa wailesi ankatsika okha. Ophunzira anaomba m'manja. Bambo aja anangoti, "Timve kaye."

Ananena zoona. Lachitatu setilaiti ya SO-50 inadutsa pamwamba ndithu. Iyi ndi ya FM, inakwezedwa mu 2002, imalandira pa 145.850 MHz ndi kamvekedwe ka 67.0 Hz ndipo imatsitsa pa 436.795 MHz. Itangotulukira, mawu anali oyera. Itayandikira pakati pa ulendo wake, pamene inayenera kumveka bwino koposa, mawu anayamba kukanda n'kuduka. Polowa anayeranso. Mmodzi mwa ophunzira anati mwina eliyo yapindika, wina anati pulogalamuyo ndi yachabechabe.

Apa ndi pamene ndinakhalitsa nawo pa bolodi, chifukwa kaonekedwe ka cholakwika kamaulula gwero lake. Ngati wailesi ikuphonya ndi mlingo womwewo kuyambira potulukira mpaka polowa, vuto ndi frequency: mwina oscillator ya wailesi yako, kachida kamene kamapanga frequency, yapatuka, mwina ya setilaitiyo si yeniyeni imene inalembedwa. Pa 435 MHz, kupatuka kwa gawo limodzi pa miliyoni ndi 435 Hz kale, ndipo timawailesi totsika mtengo ta SDR timatha kupatuka kuposa apo kambirimbiri. Koma ngati ikuphonya pang'ono kumayambiriro ndi kumapeto, n'kuphonya kwambiri pakati, vuto ndi nthawi kapena malo. Chifukwa chake n'chakuti setilaiti ikakhala kutali, ikubwera molunjika kwa iwe, Doppler imakhala yaikulu koma sisintha msanga. Pakati m'pamene imagwa mofulumira kuchoka kumtunda, kudutsa pa ziro, kupita kumunsi. Ukachedwa pamenepo, waphonya kwambiri.

Tinayerekeza wotchi ya kompyuta ndi ya GPS. Inali m'mbuyo ndi pafupifupi theka la mphindi. Kabatire ka pa bolodi la kompyutayo kanali katatha, ndipo netiweki ya pamalopo inkatseka port 123, imene NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti, imadutsapo, choncho panalibe chokonza wotchiyo. Theka la mphindi munthu saliona ngati kanthu, koma setilaiti imakhala itayenda makilomita oposa 200. Tinasintha batire, tinalumikiza ka GPS ka USB, ndipo ndi timapulogalamu ta gpsd ndi chrony kompyutayo inayamba kutenga nthawi kumwamba komweko osadaliranso netiweki. Ulendo wotsatira mawu anayera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kupatula kuzimirira kwakanthawi kobwera chifukwa chakuti setilaitiyo imagudubuzika ndipo eliyo yake imasintha koloza.

Lachinayi ndilo linali tsiku la chimene anandiitanira, SSB. Tinasankha setilaiti ya RS-44, yokwezedwa mu Disembala 2019. Ili pamwamba kwambiri, makilomita oposa 1,100, choncho ulendo wake umatha kupitirira mphindi 20 ndipo Doppler yake sithamanga ngati ya ISS. Kwa wophunzira, imeneyi ndi yabwino kuyambira. Transponder yake, chida cholandira mawu n'kuwabweza pansi, si ya munthu mmodzimmodzi ngati ya FM. Imatenga mpata wonse wa 60 kHz, kuyambira 145.935 mpaka 145.995 MHz, n'kuubweza pakati pa 435.610 ndi 435.670 MHz, ndipo anthu ambiri amalankhulamo nthawi imodzi. Imaubweza chozondotsa: ukakwera pa frequency yotumizira, umatsika pa yolandirira, ndipo ukatumiza LSB umamva USB, imene ndi mitundu iwiri ya SSB.

Tinayamba ndi beacon yake, kulira kwa Morse kumene setilaitiyo imatumiza yokha cha pa 435.605 MHz, osatumiza kanthu. Kamvekedwe kake kakamakhazikika ulendo wonse, ndiye kuti masamu ali bwino. Kanakhazikika, koma kankadumphadumpha pang'ono pakati, chifukwa pulogalamu inkakonza wailesi kamodzi pa sekondi. Ndinafupikitsa nthawiyo kufika pa kachigawo ka sekondi. Ukafupikitsa mopyola, malamulo amaunjikana pa chingwe wailesi n'kumatsalira m'mbuyo, ndiye umafuna pakatikati poyesa. Titayamba kutumiza, ndinadzimva ndili pambali pang'ono pa pomwe pulogalamu inkayembekezera, ndi mlingo wosasintha. Limenelo ndi vuto la mtundu woyamba uja. Ndinakonza manambala m'fayilo ya transponder, ndipo batani la L, lomanga frequency ziwirizo pamodzi, linayamba kundibweretsa pamalo pomwepo nthawi zonse.

Mkangano wokoma unabuka apa. Bambo aja anazolowera lamulo lakale lakuti usakhudze frequency yotsika, uzingokonza yokwerayo, ya 435 MHz, popeza ndi imene imasuntha kwambiri. Lamuloli linathandiza anthu zaka zambiri pamene munthu anali ndi manja awiri okha. Koma amene akutero amasuntha pang'onopang'ono mkati mwa transponder, chifukwa mbali imene sakuikonza ikusunthabe. Ndipo Doppler si yofanana kwa onse: setilaiti imene ikundiyandikira ine ingakhale ikumutalikira mnzanga wa dziko lina. Aliyense akamatsetsereka mwa njira yake, magulu awiri amene anayamba motalikirana amadzapezeka atakwerana. Kompyuta imakonza mbali zonse ziwiri kuti malo ako pa setilaitiyo asasunthe, ndipo onse akatero palibe wolowerera mnzake.

"Ndiye mukuti ine ndakhala ndikupondaponda anthu zaka zonsezi?" anafunsa akuseka.

"Ayi bambo, inu mumamva mukayandikira wina n'kupatuka. Anawa sangamve."

Anavomera, koma anaika lamulo lawo, ndipo ndinagwirizana nalo: wophunzira aliyense ayambe walondola beacon pamanja ulendo wathunthu asanaloledwe kudina Engage. Amene sanamvepo kamvekedwe kakutsetsereka sangazindikire tsiku limene kompyuta ikunama. Ndinawonjezera langa, la mphamvu. Transponder imagawa mphamvu yake kwa onse, ndipo mmodzi akatumiza mopyola muyezo ena onse amachepa. Mawu ako pobwerera asapose beacon.

Rotator inadya Lachisanu lonse, makamaka kukwera ndi kutsika padenga. Inali italozetsedwa ndi kampasi, imene imaloza kumpoto kwa maginito, pamene masamu a setilaiti amafuna kumpoto kwenikweni. Njira yosavuta ndi dzuwa: umauza rotator iloze pomwe dzuwa lili malinga ndi kuwerengera, n'kuyang'ana chithunzithunzi cha eliyo. Chikagwera molunjika kumbuyo kwake, zili bwino. China ndi polekezera. Rotator sizungulira kosatha chifukwa zingwe zingapotane, ndiye setilaiti ikadutsa mbali imene kuli polekezerapo, makinawo amabwerera chozungulira pafupifupi mphindi yathunthu uku mawu atatayika. Rotator yathuyi imatha kukweza maeliyo mpaka madigiri 180, choncho ndinauza pulogalamu zimenezo kuti pa maulendo oterowo izilondola maeliyo atagadama. Ndinaiuzanso kuti isamasunthe makinawo pokhapokha kusiyana kukafika madigiri asanu. Yagi zazing'onozi zimaona mbali yaikulu, ndipo kugwedeza mota sekondi iliyonse kumangodya magiya.

Chotsala chinaonekera titayesa repeater ya pa ISS. Tikangotumiza, wailesi yolandirira inkagontha. Kutumiza kwake ndi pa 145.990 MHz, ndipo nambala imeneyi ukaichulukitsa katatu imapereka 437.970 MHz, kutalikirana 170 kHz yokha ndi 437.800 imene tikufuna kumva. Wailesi ikamatumiza imatulutsanso timafunde pa frequency yochulukitsidwa katatuyo, totchedwa harmonic yachitatu, ndipo ta wailesi yathu yomwe tinkatitseka makutu. Palibe pulogalamu ingakonze zimenezo. Tinaika fyuluta pa chingwe cha 145 MHz yoletsa ma frequency apamwamba, n'kutalikitsa maeliyo awiriwo pa mtanda wake, ndipo tinayamba kudzimva.

Loweruka m'mawa mtsikana wina wa m'kalabumo, amene laisensi yake ndi yatsopano, anaitana pa RS-44 n'kuyankhidwa. Anapatsana ma callsign, mayina awo a pa wailesi, ndi ma grid a Maidenhead, zilembo zosonyeza malo amene ali, osakhudza wailesi n'kamodzi komwe. Atamaliza, anzake anayamba kufunsa za AO-7, setilaiti ya mu 1974 imene mabatire ake anafa mu 1981 koma inadzamvekanso mu 2002, ndipo imagwira ntchito pokhapokha dzuwa likamaiwalira. Pa imeneyo, ikakhala mu Mode B, zinthu zimatembenuka: umatumiza pa 432 MHz n'kulandira pa 145 MHz, choncho pafunika kukonzanso mbali ya wailesi mu Gpredict ndi kuona kaye pa tsamba la AMSAT ngati ena aimva tsikulo. Ndinawasiyira ntchitoyo kuti aiyese okha, pamodzi ndi pepala la zoti aziona asanayambe ulendo uliwonse: wotchi, msinkhu wa TLE, komwe maeliyo aloza, kenako beacon. Ine Lolemba ndikubwerera ku repeater ina imene madzi analowa m'chingwe chake.